Galimoto ya Ziphapha Zitatu

Kalekale, komatu si kale la mauta ndi mikondo ayi, ndi kale lomweli galimoto zitayamba kukalamba ndi kufera m'misewu yathu, pa tauni ina ya m'tsinde mwa phiri panali makaniko dzina lawo a Kalilangwe. Galaja yawo inali mthunzi wa mtengo wa mango ndi malata angapo adzimbiri. Koma manja a bambo amenewa! Galimoto imene eni ake anaitaya, nkhuku n'kuyamba kuikiramo mazira, iwo ankangoizungulira akuimba mluzu, posakhalitsa anthu n'kumva ikulira. Makolo amene ana awo angotenga kumene ziphaso zoyendetsera ankathamangira kwa iwo, pakuti ndani angapereke galimoto yatsopano kwa mwana amene akusokonezabe magiya? A Kalilangwe ankawakonzera zotchipa, zoti ngakhale zikakhule khoma, mtima wa kholo usawawe kwambiri.

Iwowo anali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana dzina lake Ndaziona, amene anamlera okha amake atamwalira. Ankamukonda mwanayu mochita kuonetsera. Tsiku lina Ndaziona anafika pagalaja akuvinavina, chiphaso chili m'manja.

"Ababa, ndakhoza! Nanga tsopano? Ana a eni mumawakonzera galimoto, ine wa m'nyumba ndizikwerabe kabaza?"

Mawuwo anawalasa bambowo, ngakhale mwanayo ankanena moseka. Kuseri kwa galajako kunali kagalimoto kena kofiira, injini yake yabwinobwino, koma kopanda chiwongolero, kopanda mabuleki, kopandanso mpando wa dalaivala. Anakayang'ana kagalimotoko, n'kutenga masipanala awo, ulendo wa kunja kwa tauni, kubwalo kumene ankatayirako ziphapha za galimoto zangozi.

Tsono mverani. A Mwinjiro, mkulu amene anawaphunzitsa ntchito a Kalilangwe, ankanena kuti chitsulo chimene pafera munthu sumachimasula ngati wakuba. Umayamba wagogoda, n'kunena odi, n'kufunsa ngati mwini wake anatengedwa kupita kwawo kapena akadali pomwepo. Chitsulo chikayankha ndi kulira, umachisiya. A Kalilangwe malangizowa ankawadziwa, koma tsiku limenelo anali ndi changu, ndipo mumtima ankati zimenezo n'za nkhalamba zoopa mthunzi wawo womwe. Paja safunsa anadya phula.

Chiwongolero anachimasula m'takisi imene inapindika ngati chitini chopondedwa. Mlonda wa bwalolo anati inali ya che Bwanali a kunyanja, amene anayendetsa matola moyo wawo wonse.

Mabuleki anawachotsa m'galimoto yophunzitsira. Imeneyo, anatero mlonda, anaferamo a Chimbalanga a kuchigwa, mphunzitsi wa madalaivala, munthu wodekha amene sanathamangitsepo galimoto chibadwire.

Mpando ndi lamba wake anaupeza m'kagalimoto kena kobiriwira, kamene m'kati mwake munali kansapato ka khanda. Mlondayo anayang'ana kumbali ponena kuti mwini wake anali Nagama, mayi wa kumalire. Khandalo linapulumuka, amake ayi.

A Kalilangwe sanagogode, sananene odi. Anangokweza katundu wawo pa wilibala, n'kumapita akuimba mluzu.

Ntchito inayenda bwino modabwitsa. Zitsulo za galimoto zosiyana zimavuta kugwirizana, koma izi zinkangolowa zokha, mabawuti n'kumamangika ngati akhala akudikira. Zina ndi zina zinkachitika ndithu. Madzulo ankasiya matayala ali chowongoka, m'mawa n'kuwapeza atakhota, ataloza kumsewu. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo anaona nyali za mabuleki zikuyaka, batire atachotsa okha ndi manja awo. Lamba uja nthawi zonse ankakhala wofunda ngati wangovulidwa kumene, ndipo ankanunkhira mkaka wa m'mawere. Chilichonse a Kalilangwe ankachipezera chifukwa. Matayala ndi ana osewera, nyali ndi mawaya, fungo ndi chinyezi. Munthu akafuna kusaona, ngakhale njovu imasanduka chulu.

Litafika tsiku loiyesa, kunja kunacha ndi chifunga. Ndaziona anakhala pampando wa dalaivala, bambo ake pambali. Anakoka lamba kuti amange, koma lambayo anakana kutuluka.

"Ababa, lambayu wauma."

"Musiye, mwananga, ndimuona tikabwerako. Tingokwera phiri pang'ono n'kutembenuka."

Anakwera bwinobwino. Mtsikanayo ankayendetsa mosamala, lilime lili pakona pa mlomo monga ankachitira ali mwana akamalemba. Bambo ake ankamuba ndi diso, mtima uli mbee ndi chimwemwe. Anatembenukira pamwamba, n'kuyamba kutsika. Koma tsoka silinunkha. Pa gulaye wina, m'chifunga muja munatulukira chilole chodzaza matabwa, chili mbali yawo, chikubwera ngati chaona mdani.

Ndaziona anachita zimene amachita wophunzira kumene. Anakuwa, n'kusiya chiwongolero, manja onse kumaso, miyendo n'kuikweza m'mwamba.

Apa ndiye a Kalilangwe anaona ndi maso awo zimene ankakana kuona. Chiwongolero chinazungulira chokha, mwaukatswiri, mwakamodzi, ndipo chilole chija chinadutsa n'kungonyambita penti. Koma galimoto inali italoza kuphompho.

Kenaka chopondera mabuleki chinatsika chokha, popanda phazi, osati mwaphuma koma molimba. Matayala analira, miyala inagubudukira kunsi, galimoto n'kuima matayala akutsogolo ali m'mphepete mwenimweni.

Kuima koteroko kukanamponya Ndaziona pagalasi n'kumutulutsira kuphompho. Koma lamba uja, amene anakana kutuluka, anatuluka yekha, n'kumukulunga pachifuwa, n'kumukokera kumbuyo monga mayi akwatula mwana wothamangira kumoto.

Kunangoti zii. Chilole chinali chitazimirira m'chifunga.

"Ndaziona! Mwananga, wavulala?"

Mwanayo anatsitsa manja pang'onopang'ono, n'kugwira chiwongolero. Anabweza galimoto mosayang'ana n'kumbuyo komwe, kayendetsedwe kosakhala kake, n'kuyamba kutsika phiri. Anadutsa tauni, anadutsa galaja osatembenuka, bambo ake akumuitana dzina mpaka mawu kusasa. Anakaima pa mphambano ya kutsogolo, pamene msewu umagawikana patatu: wina wa kunyanja, wina wa kuchigwa, wina wa kumalire.

A Kalilangwe anazula kiyi. Injini inapitiriza kulira. Anagwira manja a mwana wawo kuti awachotse pachiwongolero, koma anali ozizira ndi olimba ngati anawotchereredwa pomwepo. Lamba anali atamuzinga, osamasuka. Mantha anawagwira bambowo. Anasolola sipanala m'thumba la ovolosi kuti amasule mpando wonsewo, koma atangopotoza bawuti, Ndaziona analira ndi mawu ake enieni ngati akumupotoza fupa. Anayesa chiwongolero, anayesa mabuleki, kulira kwake kunali komweko. Sipanala inawagwa m'manja.

Ndipo pakamwa pa mtsikanayo panatuluka mawu a mwamuna, okhuthala, a munthu wozolowera kuitanira okwera.

"A Kalilangwe, mwalowa m'nyumba zathu opanda odi. Ine ndine Bwanali. Abale anga anatenga thupi langa, ine n'kundisiya m'chitsulo. Chikhala kuti sindinakhotetse, chilole chija chikanamupera mwana wanuyu, ndipo anzangawa akanapeza chiyani choti apulumutse? Ndinanyamula anthu moyo wanga wonse kuwafikitsa kwawo. Ine ndekha ndilephere kufika? Lowani wa kunyanja."

Mawuwo anasintha, n'kukhala a nkhalamba yoyankhula mosathamanga.

"Pepani, bambo, ine ndine Chimbalanga. Che Bwanali anachita bwino, sindikukana, koma anangomuchotsa mwanayu pakamwa pa imfa ina n'kumuloza ku inzake. Amene anaimitsa galimoto ndine. Ndinafa ndikuphunzitsa mwana wa mwini ngati wanuyu, ndipo iye ali moyo lero. Akazi anga ndi okalamba, amandilota ndili chiimire pamsewu, ndipo akuti safa mpaka nditafika. Atopa. Lowani wa kuchigwa."

Kenaka panabwera mawu a mkazi, otsika kwambiri moti a Kalilangwe anachita kuweramira kuti amve.

"Ine sindidziwa kukhotetsa ngati awa, kapena kuimitsa ngati awo. Iwo anapulumutsa galimoto. Ine ndinagwira mwana. Ndikanapanda kumugwira, galimoto yanu ikanaima bwinobwino pamwamba, mwana ali pansi pa phompho. Wanga ndinamsiya akuyamwa. Sandidziwa n'komwe, koma ndikufuna ndikagone kumene ndizimva mapazi ake. Ndine Nagama. Lowani wa kumalire."

A Kalilangwe anatuluka, n'kukagwada m'fumbi pambali pa chitseko cha mwana wawo, misozi ili chuchuchu, manja akuomba.

"Ndalakwa, eni ake. Odi amene sindinanene uja ndikunena tsopano. Ndikuperekezani nonse, mmodzimmodzi, ngakhale zinditengere chaka. Ingondisiyirani mwanayu."

"Mukanafunsa kubwalo kuja, zikanatheka," anayankha a Chimbalanga. "Koma munatilumikiza, ndipo mwaona nokha kuti kutimasula n'kumuthyola mwana. Galimotoyi yatsala ndi ulendo umodzi. Kumene ikazime, sidzadzukanso, ndipo tonse atatu tidzakhala komweko, mmodzi kwawo, awiri kuchilendo mpaka kalekale."

"Takangana kuchokera paphiri paja, sitikumvana," anatero che Bwanali. "Ndiye weruzani inu amene munaona ndi maso. Amene anapulumutsadi mwanayu ndiye apite kwawo."

"Mukaweruza moona, awiri otsala adzagonja, pakuti kuno kwathu choonadi chikanenedwa sitichikana," anatero Nagama. "Mwana tidzamusiya pakhomo pa wopambanayo, wamoyo. Koma mukaweruza mwamantha kapena mokondera, otsalawo sadzamasula. Adzapita naye."

Anthu odutsa anayamba kuima patali. Wanjinga wina anafuna kuyandikira, koma atamva mawu a nkhalamba akutuluka m'kamwa mwa mtsikana, anatembenuza njinga osatsanzika. Amayi ogulitsa tomato pa mphambanopo analongedza malichero awo. Panalibe wofuna kuthandiza kuweruza mlandu wotere.

A Kalilangwe anayang'ana msewu wa kunyanja, n'kuganiza kuti woyamba ndiye mwini zonse, pakuti popanda iye nkhani ikanathera pachilole. Anayang'ana wa kuchigwa, n'kukumbukira miyala ija ikugubuduka, ndi matayala ataima m'mphepete mwa phompho. Anayang'ana wa kumalire, n'kuona lamba ali pachifuwa pa mwana wawo, pamalo pomwe amake a Ndaziona ankamugwira akamamusambitsa. Apa mtima unawakokera kwa Nagama, koma anadzifunsa: kodi chimenechi ndi choonadi, kapena ndi chisoni chabe cha bambo amene analera mwana wopanda mayi? Nanga chisoni si ndiko kukondera kumene awachenjezako?

Chifunga chinatsika m'phiri n'kuyamba kuphimba misewu itatu ija. Kuzizira kumene kunali m'manja mwa mtsikanayo kunali kutakwera kufika m'zigongono, ndipo kunkakwerabe. Milomo yake inayamba kutuwa. Injini, imene inkalira mosalala, inayamba kutsokomola.

Bambowo anadzuka, n'kuzungulira, n'kukhala pampando wawo. Anatseka chitseko. Pamenepo Ndaziona anatembenuza mutu pang'onopang'ono, ndipo m'maso muja munabwerera mwana wawo, wamantha, wotopa, lilime lili pakona pa mlomo. Anayankhula ndi mawu ake enieni, aang'ono ngati a tsiku loyamba kupita kusukulu.

"Ababa, ndikuzizidwa. Ndilowere kuti?"

Ine nkhani yanga ndaitula pa mphambano pomwepo, injini ikutsokomola, bambo atatsegula pakamwa. Tsono inu amene mwamva zonse, amene simunamasule chitsulo cha mwini opanda odi, muthandizeni munthuyu mwana asanazizire. Anapulumutsa Ndaziona ndani: che Bwanali amene anakhotetsa, a Chimbalanga amene anaimitsa, kapena Nagama amene anagwira? Mukanakhala inu pampando umenewo, mukanamuuza mwana wanu kuti alowere msewu uti?