Katopo m'Thanki ya Nsomba za Ukwati

Masiku amenewo pachilumba cha Fukue, mphepo yozizira ikangoyamba, khomo lililonse linkanunkhira katopo. Kansomba kameneka n'kolimba ngati bokosi. Ankakang'amba pamimba, mnofu ndi chiwindi n'kusakaniza ndi miso (phala lamchere la soya wofufumitsa), jinja ndi anyezi, kenako n'kukawotcha chagada pamakala, chigoba chake chomwecho n'kukhala mbale. Koma ndiye kunali kudya, abale!

Tokuji anachoka pachilumbapo ali mnyamata n'kukakalambira m'mafakitale a ku Osaka, koma fungolo silinamuchoke m'mphuno. Atabwera kudzakwatitsa mwana wake Sayo, anapita panyanja ndi mkulu wake Masakichi kukawedza tai, nsomba yofiira imene siyenera kusowa pa ukwati. Mwayi unali wawo. Anagwira zikuluzikulu, zonona, n'kuziika zamoyo m'thanki ya m'boti kuti zidikire tsikulo.

Pa mbedza yomaliza panabwera katopo. Tokuji misozi inalengeza. M'maganizo anaona malemu mayi ake atagwada pakhonde, akupemerera makala.

"Achimwene, aka ndikasunga kamoyo. Tidzawotche pa ukwati monga ankachitira amayi."

"Iwe, Osaka inakudya mutu eti?" anatero Masakichi. "Kameneko kakapanikizika kamatulutsa thovu lapoizoni. Kaike m'chidebe pakokha."

"Aa, kanthu kochepa chonchi? M'chidebe kafa tisanafike."

"Ndanena ine."

Mkuluyo atangotembenuka kukaliza injini, Tokuji anakaponya m'thanki muja, phava! n'kuvundikira mwakachetechete.

Atafika padoko, Masakichi anavundukula. Munali thovu lokhalokha, tai zonse zitayandama mimba m'mwamba, katopo nako katauma gwa. Sanakalipe, anangovula chipewa n'kukhala pansi. Kutacha nyanja inalusa, ndipo palibe boti limene linatuluka mpaka tsiku la ukwati.

Sayo anakwatiwa patebulo popanda nsomba yofiira, akuchimuna akungoyang'anizana. Mtsikanayo anagwira bambo ake dzanja. "Musadandaule, ababa, mwabwera, basi." Mawu amenewo anamupweteka kuposa chitonzo.

Tokuji sanabwererenso ku Osaka, anakhazikika pachilumba pomwepo, koma katopo sanakalawenso. Fungo lake likamveka kuchokera kwa aneba, lija ankalilota zaka zonse ali kutali, iye ankadzuka n'kukatseka zenera.

Paja akuluakulu anati samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.