Firiji Yotsala ku Ivory Park

Anastazia anali atangoviika mabulangete m'bafa pamene foni inalira. Anali mwini thiraki yonyamula katundu wopita kumudzi. Anati anyamuka lero masana ku Bertrams, osati Lolemba monga adapangana.

"Lero lake liti? Lomwe lino?" anafunsa, thovu likuyenderera m'zigongono. Uja n'kuti atadula kale.

Katunduyo anali wa ukwati wa mwana wake Omega ku Balaka: zikwama za mapoto ndi nsalu, matiresi, ndi firiji imene adaithyokera msana m'makhitchini a eni ake. Kuphonya thiraki imeneyi, ndiye kuti ukwati udutsa firiji ili ku Joni.

Anaimbira abambo Elia, a kabaki koyera, kapikapu kakang'ono kosamutsa anthu m'deralo. Anati akubwera pompano. Apo Fyness wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda.

"Asisi, chifiriji chonsechi pa kankhuku kaja? Kakathyokera pa freeway, pamsewu waukulu paja. Imbirani Mwansa wa ku Lusaka uja, ali ndi lole yeniyeni."

Anastazia anaimba, Mwansa n'kuvomera. Za a Elia sanamuuze, za Mwansa sanawauze a Elia. Mumtima ankati wina akalephera, wina alipo.

Kabaki kanabwera kakudzipanikiza m'kanjira ka pakati pa nyumba za malata. A Elia anakweza zikwama, anaimika matiresi, n'kusiya malo a firiji kuseri kwa kabini.

"Kakwanitsa koma?" anafunsa Anastazia.

"Mayi, kameneka kanasamutsa tchalitchi chathu, mabenchi ndi masipika omwe. Kunyanyala sikadziwa. Gwirani uko tikweze."

Anastazia anayang'ana timatayala, anayang'ana firiji, anayang'ana kumsewu. Mutu unangoti balala.

"Firiji isiyeni. Ibwera pambuyo."

"Pambuyo ndi ndani?"

"Inu pitani basi, nthawi yatha."

A Elia si munthu wokangana ndi mwini katundu. Malowo anatenga Sakina wa tsidya la kanjira, yemwe naye amatumiza zakwawo: chitofu chachikulu ndi belo la zovala. Kabaki kananyonyomala ngati thadzi lofungatira mazira, kenaka kanachoka osatsokomola n'komwe.

Dzuwa linafika paliwombo, lole osaoneka. Anastazia anaimbira Mwansa.

"Amai, nenze nabwela," anatero Mwansa m'Chinyanja chakwawo. "Napeza bakkie pa geti panu balonga katundu, nati nchito mwapasa benangu. Manje nili ku Zandspruit."

"Nanga osafunsa bwanji?"

"Imwe osakamba bwanji?"

Anastazia anaimbira a Elia.

"Tafika kalekale, mayi. Zonse zakwera, chitofu cha Sakina chomwe. Anyamata akumanga tenti. Firiji ija ili pati?"

"Ili pompano! Bwererani, chonde!"

"Ngakhale nditamera mapiko, ndipeza thiraki yapita. Paja munati ibwera pambuyo."

Anastazia anatsala yekha pabwalo. Magalimoto anaitana awiri, onse anafika pakhomo, koma firiji ndi iyo, yokutidwa m'makatoni, dzina la Omega lili pamwamba m'zilembo zikuluzikulu. Adzudzule ndani? Mwansa sananame, a Elia anachita zimene anauzidwa. Anacheukira kumpanda, Fyness n'kuti atalowa kale m'nyumba, wailesi ikulira.

Kumwamba kunada monga kumachitira ku Joni masana a dzinja, madontho n'kuyamba kugogoda pamalata. Anafunditsa firiji pulasitiki yosakwanira, inki ya dzina ija n'kuyamba kusungunuka. Foni inalira, Omega. Ankadziwa funso lake. Anaiika chafufumimba pawindo, nabwerera kubafa kumene madzi anali atazizira, thovu litatha. Anakoka bulangete limodzi n'kuyamba kufikisa, mvula ikumumenya pamsana, ena aja akadali chiviikire.

Akulu sananame, mapanga awiri avumbwitsa.