Odi wa pa Bwinja la Kunyenyezi

Senderani pafupi, inu muli kumbuyoko, mawu anga safika patali.

Kalekale, nthaka ya kuno itatopa, anthu a mudzi wina anakwera chombo chouluka kukafuna malo. Anadutsa mwezi, anadutsa nthanda, anadutsa nyenyezi zopanda maina, mpaka anakatera pa dziko la dothi lotuwa ngati phulusa. Kumeneko madzuwa anali awiri. Lina likamalowa, lina likutuluka. Mtsinje kunalibe, dambo kunalibe, ngakhale mame.

Pagululo panali mayi wina, Nangondo, ali ndi khanda kumsana, dzina lake Tinyade. Madzi a m'chombo atatha, mkaka wa Nangondo unayamba kuuma. Tinyade analira, analira, kenaka anangoti zii, kulira komwe kwamukanika.

Poyendayenda anthuwo anapeza bwinja. Nyumba zake zitalizitali, makomo oti munthu atanyamula mnzake paphewa n'kulowa osawerama. Eni ake anatha kalekale, osasiya ngakhale fupa. Pakati pa bwinjalo panali nyumba yozungulira ngati nkhokwe, chitseko chake cha mwala. Atatchera khutu anamva m'katimo madzi akuti chuchuchu.

Amuna anachimenya ndi nyundo, nyundo inathyoka. Anachitema ndi nkhwangwa, nkhwangwa inabuntha. Anachikankha ndi mapewa, mapewa ndi amene anatupa.

Nangondo anangoti, "Kodi abambo inu, mwaodira?"

Mlamu wake Chikakwiya, thukuta lili kamukamu, anaseka. "Alamu, ludzu lakulowani m'mutu! Tiodire ndani? Akuyankheni mwalawu?"

"Pakhomo pa eni ndi pa eni basi, alamu. Inu kwa apongozi anu mumalowa ndi nkhwangwa?"

"Apongozi anga ali moyo!"

"Awanso analipo. Tapatukani."

Anagwada pafumbipo, mwana ali kumsana. Anawomba m'manja mofatsa, katatu, phu, phu, phu. Nati, "Odi kuno eni mudzi! Ndife alendo, tachokera kutali. Sitinabwere kudzalanda. Mwanayu ali ndi ludzu."

Pansi panachita ngati pausa moyo. Chitseko chija chinayamba kusuntha chokha, pang'onopang'ono, mpaka chinati yasa. M'katimo munali chitsime chodzaza, madzi oyera mbee, ozizira ngati a mumtsuko. Pakhoma panali zithunzi zogoba: anthu aatali a zala zisanu ndi chimodzi, atagwada, akuwomba m'manja pakhomo lomwelo. Kani zitseko zawo sizinkadziwa kiyi, zinkangomva ulemu.

Chikakwiya anathamangira kuti amwe. Nangondo anamugwira malaya. "Dikirani, alamu." Anatunga madzi m'manja nawathira pansi. "Awa ndi anu, inu okumba. Nkhope zanu sitinazione, maina anu sitiwadziwa, koma zikomo." Atatero anadonthezera m'kamwa mwa Tinyade. Mwana anameza, anatsokomola, nakuwa mokweza mpaka bwinja lonse linayankha. Anthu anaseka misozi ili m'masaya. Chikakwiya naye anagwada, nawomba m'manja, mochedwa koma anawomba.

Ndiye mwamva, abale anga: bwinja nalo lili ndi eni ake. Ukamwa madzi, thokoza amene anakumba chitsime, ngakhale anapita usanabadwe.

Nthano yanga yathera pamenepa. Musaisunge m'thumba ayi, mukakumana ndi mnzanu panjira, mukam'gawireko.