Ndulu Yakuda

Tsiku lina itatha swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo, a Jafali Mtalika, mphunzitsi wa Chingerezi wopuma ntchito ku Ntaja, anafika kwa Shehe Lifa buku lili m'khwapa. Anawapeza pakhonde la mzikiti akusoka mkeka wong'ambika. Mpaka lero a Mtalika akakumbuka tsikulo amayamika Allah, poti pakanapanda ulendo umenewo mwana wawo akanamutaya akuona.

Mwanayo, Asiyatu, chiberekere khanda lake loyamba, mwamuna ali ku Joni, anasiya kudya ndi kucheza, ankangolira. Namwino anati apite naye kuchipatala, koma achibale anati ndi kuchepa kwa imani, chikhulupiriro chake mwa Allah. A Mtalika, poopa manyazi, anamutsekera m'nyumba n'kumamukalipira kuti aziswali kwambiri.

Atapatsana salamu ndi Shehe pakhonde paja, a Mtalika anatsegula buku lija n'kuyamba kuphunzitsa ngati ali m'kalasi, poti bambowa pa Chingerezi ankadzimva. Anati chisoni chosatha Azungu amachitcha "melancholy", mawu ochokera kwa Agiriki akale otanthauza ndulu yakuda, chifukwa iwo ankati nduluyo ikachuluka m'thupi munthu amasowa chimwemwe. Chonsecho ndulu yoteroyo kulibe n'komwe.

"Ndiye Shehe, ngati asing'anga akale anasokera chonchi, madokotala a lero ndiwakhulupirire bwanji? Si imani basi imene yamuchepera mwanayu?"

Shehe anabaya singano pamkeka. Anavomera kuti Chigiriki sachidziwa, ndipo anathokoza powaphunzitsa. Kenako anafunsa ngati Asiyatu anadya tsiku limenelo. Koma a Mtalika, munthu wodziwa kumene mawu anachokera kalekale, za m'nyumba mwawo momwe sankazidziwa. Anangozyolika, misozi ili lengelenge.

"Bambo Mtalika," anatero Shehe mofatsa, "imani ya munthu amaiyeza ndi Allah yekha, ine ndi inu sikelo yake tilibe. Mawa mulawirire naye kuchipatala, ife kuno tizimuchitira duwa kwa Allah. Koma lero kamutsegulireni chitseko, mukhale naye pansi, mumufunse ngati wadya. Agiriki anuwo za ndulu analakwitsadi, koma ataona munthu akulira sanamuimbe mlandu. Anati wadwala, n'kuyamba kumufunira mankhwala. Inu mwawerenga kuposa iwo, musalakwitse pomwe iwo anakhoza."