Khosi la Wometa ndi Ndevu za a Rajabo

Pamsika wa ku Mandimba, pafupi ndi pamene machapa, timabasi tapaulendo, amadikirira anthu, panali kanyumba ka malata kometeramo ka bambo Eusébio. Chibwerereni kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, bambowa sanagwirepo china koma lumo ndi chipeso, ndipo dzanja lawo linkatamandidwa mpaka ku Mitande. Ankati akamameta ndevu, mwini ndevuyo n'kugona tulo pampando. Koma anali ndi kakhalidwe kawo: kutseka chitseko ngakhale tsiku limodzi ankati n'kupereka mitu ya anthu awo kwa wometa wa kutsidya kwa msewu, uja wa makina olira ngati njuchi. Ndi kumaliro komwe ankafika manda atakumbidwa kale.

Chaka china thupi linayamba kuwachita zachilendo. Ankadya mbale n'kuyera, koma buluku n'kumakhwefukirabe. Nyengo yachisanu, anzawo atafunda mpaka m'makutu, iwo thukuta linali kamukamu, akudzikupiza ndi chikatoni. Mtima unkagunda ngati wa wakuba nkhuku, ukali unali pafupi, ndipo pakhosi panatuluka kachotupa kamene ankakabisa pomanga batani la pamwamba la malaya. Zonsezi akanazipirira, koma dzanja nalo linayamba kunjenjemera. Nanga wometa wonjenjemera dzanja, ndani angamupatse khosi lake?

Mlongo wawo, mayi Balbina, nawonso anali ndi khosi lotupa, koma iwo ankayendera kale ku chipatala china ku Cuamba, kuja odwala amaonedwa n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Mayiwa matenda anawagwira mwa mtundu wina: kunenepa, kuzizidwa dzuwa lili paliwombo, ndi tulo tosatha, moti ankaodzera lichero lili m'manja. Chiyambireni mankhwala anali atatsitsimukako ndithu.

"Achimwene, tiyeni tipitire limodzi," anatero mayi Balbina. "Khosi lanulo silikundisangalatsa."

"Ine nditseke pano? Kuti uja wa njuchi andidyere anthu?" a Eusébio anayankha akupukuta thukuta. "Iwe ukupita kale, chemwali. Ukalowa kwa dotolo ukanenenso zanga. Khosi lako ndi langa n'chimodzimodzi, tinayamwa bere limodzi. Ukandimverere, udzandiuza."

Mayi Balbina anapitadi, ndipo sanaiwale. Atatha zawo, ali kale pakhomo, anatembenuka n'kunena kuti achimwene awo nawonso khosi latupa. Dotolo, mayi wosachulutsa gaga m'diwa, anayankha ndi mawu amodzi: "Abwere."

Njira yonse yobwerera mayi Balbina ankaona kuti mawu amodzi okha ngochititsa manyazi kuwanyamula mtunda wonse uja, ngati munthu wochokera kumsika ndi tomato mmodzi. Choncho atafika anayamba ndi za sitima ya ku Nampula imene anaiona, kenako mitundu yatsopano ya zitenje za kapulana, kenako nsapato zofiira za dotolo. Anafotokoza bwinobwino zonse zimene anauzidwa iwo: kuti matendawo ndi a chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi, ndi kuti kapiritsi kamodzi m'mawa, m'mimba mulibe kanthu, n'kokwanira. "Abwere" uja anatuluka kumapeto, chapansipansi, a Eusébio atatembenuka kale akunola lumo.

"Basi, ndigawire," anatero bambowo. "Matenda amodzi, mankhwala amodzi."

Kwathu kuno moto timapalirana, mchere timapatsana, ndipo mwatsoka mapiritsi nawo timagawana mofananamo. Mayi Balbina anamasula mfundo ya kapulana n'kuwapungulira achimwene awo m'dzanja.

M'malo mochira, a Eusébio anangokhala ngati njinga yopanda mabuleki. Ankayankhula osapuma, kukalipira ndi ntchentche zomwe, ndipo chipeso chinkawapulumuka. Iwo ankati ndi mmene mankhwala amphamvu amayambira.

Ndiye kunabwera a Rajabo, oyendetsa chapa cha ku Cuamba, mwamuna wosunga ndevu zapamlomo zimene tauni yonse inkazidziwa. Ankazipesa asanalize injini, ankazipotokola akamakambirana ndi apolisi. Tsiku limenelo anali pa ulendo wa ku Ngauma kukaonekera kwa makolo a mkazi amene ankafuna kukwatira.

"Mungolinganiza nsonga zokha, bambo," anatero akukhala pampando. "Ku Ngauma akaone kuti kwabwera munthu."

A Eusébio anakweza lumo, dzanja n'kuchita zake. Ndevu za kumanzere zonse zinagwera pansalu, phu! A Rajabo anadziyang'ana pagalasi, kutembenukira uku, kutembenukira uko.

"Mbali iyi ndine mwamuna, mbali inayi ndine mwana wasukulu," anatero pang'onopang'ono. "Nanga ku Ngauma ndikalowe cham'mbali?"

Amene ankadikira pabenchi anaseka mpaka misozi, koma akuseka choncho ankanyamuka mmodzimmodzi kuwoloka msewu. A Rajabo nawo anakamalizitsa kwa wa njuchi yemwe uja. A Eusébio anatsala okha, atagwira dzanja lamanja ndi lamanzere, ndipo anachita mantha enieni. Dzanja limenelo ndilo linalera ana awo onse, ndipo tsopano linali litawakana pamaso pa anthu.

M'mawa mwake, a Rajabo atabwerako ku Ngauma, chapa chinaima pakhomo pa a Eusébio penipeni, mayi Balbina ali kale m'kati. A Rajabo, mlomo uli mbee, anatsegula chitseko cha kutsogolo.

"Kwerani, bambo. Sindikukupemphani ayi. Musanadule khutu la munthu."

Ku Cuamba dotolo anaima kumbuyo kwawo, n'kuwagwira pakhosi, n'kuwauza kuti ameze madzi. Anamvetsera mtima, anawayang'ana m'maso, kenako anawauza kuti atambasule manja n'kuikapo pepala. Pepalalo linavina ngati tsamba la nthochi pamphepo. Atawatenga magazi, dotolo anafunsa ngati pali mankhwala amene akumwa. A Eusébio anatulutsa timapiritsi tija monyadira, ndipo dotolo anagwira mutu.

"Bambo, chithokomiro ndicho chimakoleza moto m'thupi. Cha mayi Balbina chimakoleza mochepa, n'chifukwa chake timawaonjezera nkhuni. Chanu, mmene ndikuonera, moto wachuluka kale, ndiye inu mwathirapo palafini. Magazi atitsimikizira, koma awa musiye lero lomwe."

"Komatu ine ndinatuma munthu," a Eusébio anadziteteza.

"Inu ndinu ometa. Alipo anakutumiziranipo mlongo wake kuti mumumete m'malo mwake?"

"Ine ndinanena kuti abwere," mayi Balbina analowererapo, maso ali pansi.

"Unanena liti?"

"Nditatha za nsapato zija."

Dotolo anayang'ana nsapato zake zofiira, n'kulephera kudzigwira. Koma atatha kuseka anawadzudzula onse awiri mosapsatira: mtima wa a Eusébio ukanatha kuvulala, ndipo mayi Balbina anadzimana mankhwala awo omwe. Tsiku limenelo bambowa anapatsidwa mapiritsi okhazika mtima pansi. Zotsatira za magazi zitabwera, zinavomereza mawu a dotolo, ndipo anayamba mankhwala awoawo ochepetsa moto uja, ndi lamulo lobwererabwerera kukayezedwa. Kanyumba kaja kankatsekedwa, ndipo dziko silinathe.

Mvula yoyamba itagwa, buluku linali litayambanso kugwira m'chiuno, koma benchi linali likadali lopanda munthu. Anthu ankapereka moni ali chapatali, dzanja lili pandevu. Tsiku lina kunatulukira a Rajabo, ndevu zitameranso mbali zonse. Za ku Ngauma zinali zitayenda bwino: akuti apongozi anakondwa kuti mkamwini akuoneka wachinyamata. Sanakhale pansi msanga. Anang'amba chipepala chokulungira mandasi, chifukwa mayi Balbina anali atawafotokozera zonse za ku Cuamba, ulendo uno mosadumpha kanthu.

"Tambasulani manja, bambo."

A Eusébio anatambasula, ogulitsa pamsika atasonkhana pakhomo. Pepala linangoti phee, osagwedezeka. A Rajabo anakhala pampando, n'kukweza chibwano, ndipo lumo lisanamalize mbali imodzi anali akuliza mkonono. Anthu ataona zimenezo anayamba kukanganirana malo pabenchi.

Masiku ano, likakwana tsiku la ku Cuamba, a Eusébio ndi amene amayamba kukwera chapa, khosi lawo ali nalo. Wina akawapempha kuti akamufunsireko za bondo kapena za chifuwa, amamusunthira malo pampando n'kumuuza kuti akwere. Anaphunzira ndi ndevu za mwini wake kuti akuluakulu sananame: kandimverere anakanena za m'maluwa.