Mbaula Zisanu za a Chidindo

Kufakitale ya machesi anzawo ankangowatchula kuti a Chidindo, ndipo dzinalo linawatsata mpaka kunyumba. Ntchito yawo inali yoyesa machesi. Katoni ikamatuluka, iwo ankasolola kabokosi kamodzi, kuyatsa kamtengo, n'kuyang'anitsitsa lawi lake ngati dokotala wopima lilime la wodwala. Likawasangalatsa, chidindo phaa! Zaka makumi awiri akuchita zomwezi, ndiye khalidwelo linawalowa m'magazi. Supuni yatsopano ankayamba aipinda kaye asanadyere. Mpando wa eni ankaugwedeza asanakhalepo, eni ake akuona.

Koma munthu woyesa zinthu zonseyu anali ndi mayeso amodzi amene iye mwini analakwa, ndipo ankamupweteka mtima usana ndi usiku. Apongozi awo aamuna anali munthu wa butchala, wopuma pantchito, wodziwa nyama kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Atabwera koyamba kudzaona banja la mwana wawo, a Chidindo anawawotchera nyama. Inapserera kunja, mkati ikudontha magazi. Mkuluyo anatafuna kamodzi, anaika mpeni pansi, nati, "Ng'ombe iyi yafa kawiri." Kuyambira tsiku limenelo, zaka khumi ndi ziwiri zathunthu, akabwera pakhomopo ankangopempha madzi akumwa. Tiyi ayi, chakudya ayi. Madzi basi.

Ndiye tangoganizani mmene mtima unadumphira mayi a kunyumba atanena Lachinayi kuti, "Ababa ati abwera Loweruka masana ndi nthiti. Ati muwotche ndinu, ndipo adya."

"Adya? Pakhomo panga pano?"

"Atero kumene. Makala ndagula kale kwa mayi wa pakona uja, thumba lathunthu. Inu chanu n'kuyatsa basi."

Loweruka m'mawa a Chidindo anamasula thumbalo. Anatola khala limodzi n'kulipima m'manja: lolemera bwino. Analigogoda ndi linzake: linalira ngwe ngwe ngati chitsulo. Analithyola: mkati munali monyezimira, mopanda mtengo wosapsa. Munthu wina aliyense akanathokoza Mulungu n'kukasamba. Koma a Chidindo anakwinya nkhope.

"Ndi abwino, inde. Koma abwino kuposa ati?"

"Abambo, chonde," anatero mayi. "Makala amenewo taphikira zaka zisanu."

"N'chimene ndikunena. Ndi makala a masiku onse. Lero si tsiku la masiku onse."

Anatenga wilibala, ulendo wa kumsika.

Kumalo a makala kumsikako, wogulitsa aliyense ali ndi pakamwa pothira shuga, ndipo a Chidindo anawamvetsera onse. Woyamba anali ndi makala a mtengo wolimba. "Awa, bwana, amachedwa kugwira, koma akagwira mudzatopa ndinu." A Chidindo anati zoona, amenewa ndiye makala, nagula kajumbo kamodzi. Wachiwiri anaseka. "Mulinde moto mpaka mlendo agone? Anga ndi opepuka, kamtengo kamodzi ka machesi basi." Mawu akuti machesi anawafika pamtima, nagulanso kajumbo. Wachitatu anali ndi makala a mtengo wa zipatso, amene ati amasiya kafungo kokoma m'nyama. M'sitolo ya kutsidya kwa msewu munali makala oumba ndi utuchi, obulungira ngati mazira, opanda utsi. Potuluka pachipata, mkulu wina wa diso limodzi anawakodola n'kunong'ona kuti, "Onsewo akunamizani. Anga amayaka ngakhale pamvula."

Anabwerera ndi tijumbo tisanu, kalikonse kali ndi ubwino wake, ndipo palibe kamene kakanatha kuwotcha nthiti zonse pakokha. Koma zimenezo sizinawadetse nkhawa. Iwo anati ayatsa onse nthawi imodzi, wopambana aoneke poyera.

Vuto linali mbaula. Pakhomo panali imodzi. Anapita kwa neba wawo, makanika wa thupi lalikulu amene ankapanga mbaula ndi malimu akale a matayala a galimoto, nabwereka zinayi.

"Zinayi? Kuli ukwati kodi?" anafunsa makanikayo.

"Kuli mayeso."

"Chabwino. Nanga thumba lili pakhomo panulo? Ine makala andithera, ana akufuna nkhuku yowotcha."

"Limenelo silinalowe mumpikisano. Tengani lonse."

Mayi ataona thumba lawo likutuluka pachipata paphewa la makanika, anangogwira m'chiuno. Zaka zambiri za banja zinawaphunzitsa kuti pali matenda ena amene mankhwala ake n'kuwasiya.

Pofika masana, bwalo lonse linali ngati malo osulira zitsulo. Mbaula zisanu zinandandalikidwa kuyambira pampopi mpaka pachingwe choyanikira zovala, iliyonse ndi nambala yake yolemba ndi choko. A Chidindo anali pakati, wotchi kudzanja, katoni yokupizira moto m'manja, nkhope yonse ili bii. Ndi mmene apongozi anawapezera. Mkuluyo analowa ndi ndodo yake, phukusi la nthiti kukhwapa, nayang'ana mbaulazo imodziimodzi.

"Mkamwini, ndabwera ndi nthiti za ng'ombe imodzi. Zina zinayizo zili kuti?"

"Khalani pansi, bambo. Lero mudya nyama yowotchedwa pamoto wosankhidwa."

Apongozi anathira okha mchere, nayala nthitizo pawaya wowotchera mwaulemu ngati akugoneka khanda. "Nyama imafuna moto umodzi ndi munthu wodekha," anatero, nakhala pampando pamthunzi.

A Chidindo anaika wayayo pambaula yachiwiri, ya makala opepuka, chifukwa ndi imene inali itafiira kale. Nyama inayamba kulira tsiii, kafungo kanatuluka, ndipo apongozi anagwedeza mutu pang'ono. Mtima wa a Chidindo unachita kuti myaa. Koma pomwepo makalawo anathetheka, timoto tinauluka, ndipo diso lawo linagwera pambaula yachinayi. Aa, makala obulungira aja anali atagwira mofanana, ofiira bwino, opanda phokoso. Ananyamula waya ndi nsanza, thamangethamange, nautula pamenepo.

Sipanathe mphindi ziwiri, mphepo inabweretsa fungo la mbaula yachitatu. Kafungo ka zipatso kaja! Nyama ya apongozi ingamanidwe bwanji chinthu chokoma chotere? Waya m'manja, ulendo. Atangofika, anaona kuti mtengo wolimba wa pambaula yoyamba wadzuka tsopano, moto wake wochititsa ulemu. Waya m'manja, ulendo.

"Abambo, isiyeni nyamayo ikhale pansi!" anakuwa mayi ali pakhomo la khitchini.

"Mayi, musasokoneze mayeso!"

Tsono panatsala mbaula yachisanu, ya makala oyaka pamvula. Munthu wa chidindo sangavomereze mawu a wogulitsa popanda umboni. Kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo, choncho a Chidindo anatenga chitini chothirira maluwa, nagwetsa mvula yawoyawo. Moto unati fuu, utsi woyera unakwera, phulusa linagwera zovala za pachingwe, ndipo mbaula yachisanu inatuluka mumpikisano.

"Walephera ameneyu," analengeza, akutsokomola.

"Ndaona," anatero apongozi.

Nthiti zinapitiriza ulendo. Yoyamba, yachinayi, yachitatu, yachiwiri, kubwereranso yoyamba. Paliponse pamene zafika, moto wa patsogolo ndiwo unkaoneka wokoma. Ana a makanika anakwera pampanda n'kumawerenga maulendo mokweza, ndipo anafika makumi atatu ndi umodzi. Nyama inkati ikayamba kumva kutentha, yanyamulidwa, n'kukazizira m'njira. Ndipo makala a m'kajumbo ndi a m'kajumbo basi. Opepuka aja anayamba kusanduka phulusa. A zipatso anatsatira. Obulungira anatuwa n'kugona tulo. A Chidindo ataona kuti patsala mbaula yoyamba yokha, nayonso ikuphethira ngati munthu wa tulo, anathamangira komweko ndi waya wawo. Koma khala limodzi lobulungira, limene linagwa pansi m'mawa osayatsidwa, linali kuwadikira panjira. Phazi linaponda, khala linagubuduka, miyendo inaloza kumwamba. A Chidindo chagada, phii! Waya unali pachifuwa, nthiti zili bwinobwino pamwamba pake.

Apongozi ananyamuka pang'onopang'ono, nafika pamene mkamwini wawo anagona, nadina nyamayo ndi chala. Inali yofunda ngati mphumi ya mwana wodwala chimfine, koma yaiwisi.

"Ng'ombe iyi ndinkaidziwa," anatero. "Ili moyo sinayendepo ulendo wautali chonchi."

Pamenepo n'kuti fungo lina likudutsa pampanda, fungo la nkhuku yopsa bwino, lochokera kwa makanika. Mkulu wa butchala anakweza mphuno. Ananyamula waya pachifuwa cha a Chidindo, natuluka nawo pachipata, nalowa chipata chinacho.

A Chidindo anadzuka, msana ukuwawa, nakasuzumira pampanda. Anaona mbaula imodzi yopindika, yopanda nambala, moto wake uli phee, wofiira mofatsa, wopanda utsi. Apongozi anali atakhala pa tayala, akutembenuza nthiti zawo mosapupuluma. Zitapsa anadula kanthuli, anatafuna, natsinzina.

"Amakanika, makala awa ndi a mfumu. Munawapeza kuti?"

"Ndi a mkamwini wanu omwewo, bambo. Andipatsa m'mawa thumba lonse. Ati sanalowe mumpikisano."

Apongozi anasiya kutafuna, nayang'ana kumpanda kumene kunali nkhope yakuda ndi phulusa. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anadulanso nthuli ina.

A Chidindo anamva chisoni chenicheni, choposa kupweteka kwa msana. Makala amene akanawachotsera manyazi a zaka khumi ndi ziwiri anali pakhomo pawo kuyambira Lachinayi. Anawagogoda okha, anawamva akulira ngwe ngwe, ndipo anawapereka okha ndi manja awiri.

Dzuwa litapendeka apongozi anabwerera kudzatsanzika, milomo ili noninoni, akutokosa m'mano. Anakhala pampando wawo uja. Mayi anagwada nafunsa ngati angawapatse tiyi.

"Ayi, mwanangu, ndakhuta," anatero mkuluyo. Kenako anatembenukira kwa mkamwini wawo. "Koma timadzi takumwa tokha mungandigawireko."

A Chidindo anapita okha kumpopi, kudutsa mbaula zisanu zozizira, natunga madziwo m'kapu yomwe ija ya zaka zonse. Aka kanali koyamba kupereka chinthu osayamba achiyesa. Mayi anawayang'ana akudutsa akutsimphina, napukusa mutu, nayamba kuanula zovala zodzaza phulusa kuti akachapenso.

Anthu amene anakhalako kale ankadziwa za anthu ngati a Chidindo, ngakhale kunalibe mafakitale a machesi. N'chifukwa chake anatisiyira mawu aja: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.