Pamwamba pa Mleme

Kalekale, nyama zisanaleke kuyankhula, kunali Mayi Nungu. Mwana wawo wamkazi anatengedwa chitengwa kutsidya kwa mtsinje. Tsiku lina Namzeze anabwera ndi uthenga: "Mwana wanu watopa, masiku akwana. Akulira amayi ake."

Koma mtsinje unali utasefukira, ng'ona zili mbwee, bwato palibe.

Mayi Nungu anakhala pansi, maso pa utsi wa pamoto. "Utsiwu ukukwera wopanda mapiko. Nditautsekera m'chinthu, sungandinyamule?"

Anapita kwa Kamba. "A Kamba, chonyamulira utsi chikhale chotani?"

"Cholimba ponseponse, ngati ine. Munandionapo nditang'ambika?"

Mayi Nungu analuka chinkhokwe cha nsungwi, n'kumata dothi, n'kusonkha moto pansi. Utsi unadzaza. Chinthu chija chili duu. Iwo anangochokapo akutsokomola.

Anapita kwa Chule. "A Chule, nanga chikhale chotani?"

"Munafunsa Kamba? Mwala uja? Chikhale chofewa ponseponse, ngati khosi langali."

Mayi Nungu anasoka chithumba cha zikopa, n'kudzaza utsi, n'kugwira chingwe. Chinafufuma, chinadzuka! Koma mphepo itangowomba, chinapindika pakati ngati mkeka wonyowa, n'kuwataya pa chitedze.

Mutu unawaima. Cholimba sichidzuka, chofewa sichiongoka. Nanga chachitatu chiliponso?

Akudzikanda thupi lonse, anapita kwa Mleme, amene anali lende pa nthambi ya mlambe. Mleme anatambasula phiko.

"Ili ndi fupa, ichi ndi chikopa. Muzifuna zonse ziwiri. Chithumba chanucho chipatseni msana wa nsungwi imodzi yaitali, kuti chisapindike. Msana pamwamba, chithumba pansi."

"Msana pamwamba?"

"Pamwamba, mayi! Chitedze chalowanso m'makutu?"

Mayi Nungu sanafunsenso. Anamanga nsungwi pamwamba pa chithumba, n'kudzaza utsi, n'kutseka kukamwa kwa chithumbacho. Kenako anakwera pa nsungwipo, n'kudzimangirira ndi luzi zolimba.

Chinthu chinadzuka. Chitangopitirira mitengo, gubudu! Kolemera kunapita pansi, chithumba pamwamba, Mayi Nungu mutu kunsi, miyendo m'mwamba.

"Mayo ine! Mitambo yagwera kumapazi! Nanga ng'onazi zakwera liti kumwamba?"

Anatsinzina, anatsegula, ng'ona zikadali kumwamba, kukamwa yasa. Ali lende choncho m'pamene anakumbukira mmene Mleme anakhalira pa nthambi paja.

"Ha! Pamwamba pake ndiye pansi panga!"

Koma taonani, chithumba sichinapindikenso. Msana unachigwira, mphepo inachikankha, mpaka chinakakodwa mu mkuyu wa pabwalo kutsidya.

Apongozi a mwana uja anatuluka, manja m'chiuno. "Asewele, kwanu alendo amafika chonchi?"

"Ndimasuleni kaye, moni tipatsana ndikaona kumene kuli mutu wanu. Mwana wanga ali kuti?"

Anawamasula. Dziko likuwazungulirabe, Mayi Nungu anadzandira mpaka m'nyumba, n'kukhala kumbuyo kwa mwana wawo, n'kumugwira m'chiuno. "Ndafika. Limba tsopano."

Dzuwa lisanapendeke, khanda linalira. Azamba analinyamula akuseka. "Uyunso wafika mutu pansi. Watengera agogo ake!"

Ndiye inu ana, chinthu choti chiyende chimafuna msana, chimafunanso pofewa. Ndipo wina akamakulangizani, musamangomva mawu okha. Yambani mwaona kaye mmene wakhalira.

Nthano yanga yatera pomwepa, ndipo yathera pomwepa.